Za ku Joni zamveka pansi pa mtengo

Lachisanu. Ndatopa, chonsecho sindinagwire ntchito yolemetsa.

Itatha swala ya Juma ku mzikiti ndinapita pabwalo la pa boma pomwe anaika intaneti yaulere, kuti ndiyankhule ndi amuna anga, bambo a Shakira, amene ali ku Joni. Chikwangwani chapamenepo chimati tisamauze munthu nambala yachinsinsi, ndipo ine ndimasamala. Koma foni yanga imamveka ndikaika pa sipika basi, ndipo netiweki imagwira pansi pa mtengo umodzi, pomwe tonse timaunjikana.

Amuna anga anandiuza kuti ntchito yawathera, Idi ino sabwera. "Amayi musawauze kaye," anatero.

Pofika kunyumba ndinapeza apongozi akulira pakhonde. Wakabaza wina amene anali nafe pansi pa mtengo paja anali atawauza kale.

Mawa akaimba, bambo a Shakira adzati ndaulula ndine.