Duwa la ku Bulawayo

Yofu, Likoma
Lachiwiri, 14 Okutobala 2025

Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ku Lilongwe, ndipo diso lomwe anakuchitani opaleshoni layamba kuona. Kuno adzukulu anu ali bwino, bambo awo, a Davis, ali kunyanja tsiku lililonse.

Nkhani ndi ya duwa lanu lolendewera pakhonde, la masamba onenepa ngati mikanda, lomwe munabwera nalo kuchokera ku Bulawayo ndi malemu abambo. Pa foni mwandifunsa katatu, ndipo katatu konseko ndinati lili bwino. Amayi, ndinanama. Pakamwa pakundilemera, n'chifukwa chake ndalemba.

Pa 4 Ogasiti, mukupita kukakwera sitima, munandiuza pamaso pa a Davis ndi azakhali a Frances kuti ndilisamale ngati mwana. Ndinawerenga nthambi, zinali 23. Ndinkalithirira kapu imodzi m'mawa, ina madzulo, monga ndimachitira ndi mpiru. Loweruka ndinkalipatsa madzi otsukira usipa kuti linenepe.

Pa 29 Ogasiti masamba anayamba kukwinyika. Azakhali anati limenelo ndi ludzu. Ndinawonjezera, makapu anayi pa tsiku. Pofika pa 15 Seputembala nthambi zinatsala 11, zina zikuthothoka zokha ndikamasesa, zofewa ngati chinangwa choviika.

M'mawa mwake ndinalisenza m'chitini chake mpaka ku Chipyela kwa a Eliness, anamwino ochokera ku Mzuzu aja, poti pawindo pawo pali lofanana nalo. Ananunkhiza dothi n'kundifunsa ngati ndikuweta nsomba m'chitinimo. Anati duwali limasunga madzi m'masamba mwake, ine ndalimiza. Ndinawafunsa kuti nanga masamba akwinyikiranji. Anati likamva ludzu amakwinyika, mizu ikaola amakwinyikanso. Ndinafunsa kuti ndiye munthu udziwa bwanji. Anangoseka.

Kenaka anatenga lumo n'kuyamba kudula, ine ndikuyang'ana kumbali. Nthambi zabwino zinapezeka 6. Anati ndiziike pamthunzi masiku atatu kuti mabala aume, kenaka ndizigoneke pamchenga wouma, osathira ngakhale dontho kwa milungu iwiri. Chitini chanunso anachiboola kunsi ndi msomali, mabowo asanu. Ndinalephera kuwaletsa.

Azakhali atamva anayenda wapansi kuchokera ku Khuyu. Anati wodwala samanidwa madzi, ndipo anamwinowo azibaya anthu jakisoni, za maluwa azisiye. Anatinso inu mukamva kuti duwa la malemu ladulidwa ndi lumo, mudzati ndinachita dala. Ndinasowa womumvera. Ndinagawa nthambizo pakati: zitatu ndinkathirira monga mwa azakhali, zitatu ndinazisiya monga mwa anamwino.

Zothirirazo zinaola zonse pa 28 Seputembala. Mwa zoumazo, ziwiri zatulutsa timizu toyera ngati ulusi. Yachitatu sindikuimvetsa. Siikufa, siikumera.

Milungu iwiri ija inakwana pa 3 Okutobala, koma mpaka lero sindinathire kanthu. Ndikatenga kapu ndimaibwezanso pansi. A Eliness ali pa tchuthi kwawo, azakhali sakundilankhula.

Zaka 9 ndakhala pakhomo pano. Ndimakumbukira mukulitembenuzira kudzuwa, mukulichotsa kangaude, nthawi zina mukulankhula nalo. Koma ndaganiza, ndaganizanso, sindikukumbukira ngakhale tsiku limodzi mukulithirira. Kodi mumathirira liti? Madzi ochuluka bwanji? Mukafuna kundikalipira ndidzamva ndithu, koma chonde yambani mwandiyankha funsoli, poti ziwirizi sizingadikire mpaka mudzabwere mu Disembala.

Mundiperekere moni kwa alamu a Mclean ndi akazi awo a Thandi. Ambuye akusungeni, achiritsenso disolo.

Nthambi yokayikitsa ija sindiiwerenga. Zamoyo ndi 2. Zatsala nthambi 21 zoti ndikubwezereni.

Ine mpongozi wanu,
Mwandida