Chithunzi cha Hidaya

Lolemba, 7 Julayi

Mwera wavuta, asodzi ambiri sanalowe m'madzi. Ndazungulira pagombe m'mawa wonse. Anthu akangoona kamera amawongola kolala n'kuyamba kumwetulira ngati a pakalendala. Ine zimenezo ayi, ndimafuna munthu asanadziwe kuti ndilipo. Chabwino ndapeza chimodzi chokha: mayi wina wodzifunda chitenje mpaka kumaso, akusenza beseni la usipa, mphepo n'kumuvundukula. Nkhope yotopa koma yokongola. Ndachiika pa Fesibuku.

Lachiwiri, 8 Julayi

Ochikonda mbwee. Wina wa ku Lilongwe akuti ndine katswiri. Katswiri wogonera mbatata. Msana ukuwawa.

Lachitatu, 9 Julayi

Esha, mnansi wanga wamandasi, wandipeza ndikutsuka m'kamwa. Moni osapereka. "A Limbani, mwachita chiyani? Uja ndi Hidaya, mkazi wa malemu Shukuru amene anamira mwezi watha. Ali pa eda." Akuti kwawo mwamuna akamwalira mkazi amabindikira pakhomo miyezi ingapo, amuna achilendo osamuona. Iyeyo anazemba kukapikula usipa woti Esha azimugulitsira, poti ufa unatha m'nyumba. N'chifukwa chake anadzifunda chonchija. Ine ndimati n'kuzizira.

Ndachifufuta pompo, koma chinali chitafika kale pa Watsapu ya achibale a mwamuna. Zaka zonsezi ndikudya nawo mpunga wa Idi anthuwa, osadziwa kanthu. Uchitsiru wanga ndi waukulu.

Lachisanu, 11 Julayi

A Ayub, akulu ake a malemu, abwera kuchokera ku Khombedza. Ndinapita kukapepesa. Mpando anandipatsa bwinobwino. "Inu simunalakwe achimwene, mwatitsegula maso." Bola akanandimenya mbama.

Akuti ngati chomutulutsa ndi njala ya ana, anawo awatenga akawadyetse okha, Naima ndi Bilali. Shehe wapano wawauza kuti kutuluka kokafuna chakudya si mlandu, koma iwo akuti iyi ndi nkhani ya pabanja. Kubwerako liti ana, sananene.

Loweruka, 12 Julayi

Kukajambula ukwati ku Chitala. "Timwetulire, timwetulire" tsiku lonse, fumbi lili m'mano. Ndatopa nazo ine.

Lamulungu, 13 Julayi

Ana apita. Esha akuti Naima walira mpaka pasiteji. Kutchalitchi sindinapite.

Lachiwiri, 15 Julayi

Hidaya wandiitanitsa kudzera mwa Esha. Ndinakhala pakhonde, iye mkati kuseri kwa katani. Ndimadikira kutukwanidwa basi. Nditangoyamba kupepesa anandidula.

"Zopepesa zisiyeni bambo. Akuti mumatha kujambula munthu iye osadziwa. Pitani ku Khombedza mukandijambulire ana anga. Asakakuoneni. Akakuonani awasambitsa, awaveka zabwino, awauza aseke. Ndikufuna ndiwaone mmene alili."

Ndinati nanga a Ayub akandigwira? Akuti, "Pojambula ine munapempha ndani?" Ndinavomera.

Lachinayi, 17 Julayi

Ku Khombedza. Ndinakhala pa wokonza njinga moyang'anana ndi nyumba ya a Ayub, kunamizira kudikira minibasi. Njala, dzuwa, manyazi. Ntchito yomwe ndimainyadirayi lero ndimangodziona ngati wakuba nkhuku.

Bilali amathamangitsa tayala ndi anzake, kuseka kuti mano onse panja. Naima anali yekha pambali pa nyumba akutsuka mulu wa mbale, tsitsi losapesa, diresi atavala chotembenuza. Palibe anamumenya, palibe anamukalipira. Kungoti panalibe womuyang'ana.

M'minibasi ndinaganiza zofufuta za Naima, ndikaonetse za Bilali zokha, mayiyu agoneko tulo. Chala chinafika pabatani. Ndazisiya, kaya ndachita bwino kaya ayi.

Lachisanu, 18 Julayi

Ndinapereka kamera kwa Esha, analowa nayo. Ine pakhonde pomwe paja, maso pansi. Ndimamva kabatani kakulira, kenako kuseka pang'ono. "Taonani Bilali, kabudula wang'ambanso." Kabatani kanaliranso kawiri katatu, kenako kuseka kunatha. Ndinadziwa kuti wafika pa za Naima. Esha amanong'oneza, "Pirira Hidaya, Inshallah abwera, kwatsala pang'ono."

Katani inatseguka. Hidaya anandidutsa osandiyang'ana, nkhope poyera, chipeso m'manja, kulunjika kumsewu wa Khombedza. Azimayi a pamjigo anasiya kupopa. Esha anandiponyera kamera pamiyendo n'kumuthamangira, nsapato za Hidaya zili m'manja.