Khasu la Mkono Umodzi

Ndunde,
Chiradzulu.
14 Julaye, 1984.

Okondedwa achemwali Ellina,

Kuno kwacha ndi chiperoni. Phiri silikuoneka, mvula yamawawa ikungonyowetsa udzu wapadenga mwakachetechete, ndipo chomwe chikumveka ndi chigayo cha kumsika ndi nkhuku za amalume zimene zabisala pansi pa nkhokwe. Lero kulibe sukulu, ndiye ndakhala pakhonde kuti ndikuuzeni bwinobwino za ababa. Kaya inu muli bwanji ku Dwangwako, pamodzi ndi alamu ndi kamwana?

Munamva kale kuti ababa anavulala mumgodi ku Joni. Amene anatifotokozera ndi a Hamadi, aja a kutsidya kwa mtsinje amene ananyamuka nawo limodzi. Akuti mwala unagumuka kuchokera pamwamba n'kuwaphwanya mkono wamanja. A Hamadi anawamanga ndi lamba pamwamba pa bala, n'kuukweza mkonowo m'mwamba mpaka anatuluka nawo kunja. Kuchipatala anaudula m'munsi pang'ono mwa chigongono.

Tsiku limene tinkawayembekezera, basi inatsitsa a Hamadi okha, ndi sutikesi ya ababa, ndi njinga yatsopano.

"Nanga eni ake?" anafunsa amayi.

"Mayi, a Gregorio atsikira kwa Likoswe, kwa alongo awo," anatero a Hamadi. "Ati katunduyu ndi wanu ndi ana. Ndinawakakamiza, koma anangoti, mkamwini amadya ndi khasu, nanga ine ndikalima ndi chiyani pamudzi pa eni?"

Amayi analowetsa sutikesi m'nyumba osaitsegula. Mukudziwa mmene zimakhalira kwathu kuno, mwamuna akapita kwawo n'kutumiza katundu yekha, anthu amati banja latha. Amalume a Jeremiah anati, "Mkazi sathamangira mwamuna kwawo. Ngati akulifuna banja, atume ankhoswe." Ndinadzamva pambuyo pake kuti ababanso ankadikira komweko, akuti ngati akufunidwa uthenga ubwera. Uku kudikira, uko kudikira, masabata n'kumapita. Basi ikaliza hutala kumsewu, amayi ankasiya kusesa n'kuima chilili mpaka itadutsa.

Ine mumandidziwa, zolankhula pagulu sindizitha. Ndinangopita kudimba, n'kupinda mkono wanga wamanja, n'kuumanga ndi kansalu kakale ka amayi. Ndinkafuna ndione ngati n'zoona kuti munthu wa mkono umodzi alibe ntchito. Anyamata odyetsa mbuzi atandiona anayamba kukuwa, "Overtone wapenga! Wabwera ku Joni asanapiteko!" Kusukulu ndinayesa kulemba ndi lamanzere, aphunzitsi n'kundifunsa ngati m'kope mwanga mwapalasa nkhuku, ndipo anandigogoda ndi rula. Sindinawauze chifukwa chake.

Ndinapeza kuti kuthirira ndi keni n'kotheka. Kumangirira matimati n'kothekanso ukagwira luzi ndi mano, ngakhale madzulo nsagwada zimapweteka. Njinga ndinagwa nayo m'zitsamba kangapo, kenako inandimvera. Khasu lokha ndi limene linakana. Ndiye ndinadula tayala lakale la njinga, n'kulikhomera pampini ngati chibangili chachikulu, kuti mkono wodukawo uzilowa mmenemo kwinaku lamanzere likugwira kumapeto. Ndi chigongono changa chomanga ndinaunda nalo mzere. Unali woipa, koma unali mzere.

Apa musandikalipire, achemwali. Lachitatu lina ndinavala yunifolomu ngati ndikupita kusukulu, koma ndinatenga njinga ndi khasu lija n'kulowera kwa Likoswe. Ababa ndinawapeza kuseri kwa nyumba ya azakhali a Ruth, akuothera dzuwa atavala chijekete chachikulu. Anali ataonda. Ndinagwada n'kutambasula dzanja lamanja monga mwa masiku onse, ndipo linangokhala m'malere. Patapita kanthawi anandipatsa lamanzere.

"Wakutuma ndani?"

"Palibe, ababa."

"Amayi ako ali bwanji?" Anafunsa akuyang'ana nyerere pansi.

"Alipo. Sutikesi sanatsegule."

Nditawaonetsa khasu nkhope yawo inasintha. "Ndiye wapalasa mtunda wonsewu kudzandiseka? Mwana wanga yemwe?"

"Mwanayu alibe mwambo!" anatero azakhali ali pakhomo.

Ndinangotulutsa kansalu kaja, n'kudzimanga mkono ndi mano, n'kuyamba kuunda mzere pabwalo pa azakhali pomwepo. Ababa anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Mzere wanji wokhota ngati njoka yodwala?" anatero. "Chaka chonsechi walima choncho munda wa amayi ako? Bwera nalo kuno."

Atavula jekete ndi pamene ndinamva fungo. Bandeji inali yachikasu, ntchentche n'kuyamba kutera. Ndisananene kanthu anali atalowetsa kale mkono m'tayala muja. Anagaula kamodzi, kachiwiri, kenako anakuwa n'kugwa chagada. Nditawagwira thupi linali lotentha ngati mbaula. Bala linali litatupa kalekale, koma ankabisa m'jeketemo chifukwa zipatala zinawakwana, ndipo sankafuna kuvutitsa alongo awo.

Azakhali anayamba kulira ngati pamaliro. Ine ndinakumbukira zimene anachita a Hamadi. Ndinamasula kansalu kanga n'kumanga pamwamba pa bala, n'kuukweza mkono. Tinawakhazika pakaliyala, azakhali n'kuwamangirira kumsana kwanga ndi chitenje chawo ngati khanda. Ine kupalasa, azakhali kuthamanga pambuyo atagwira, mpaka kuchipatala cha mishoni. Njira yonse mutu wa ababa unkagunda paphewa panga, ndipo ndinkaganiza kuti ndawapha ndine. Zimenezi sindinauze munthu aliyense, ndakuuzani inu nokha.

Adokotala anati khasu lawapweteka ndithu, koma laphulitsa chotupa chimene chikanalowa m'magazi pakanapita masiku ena. Anesi anawakalipira ababa ngati mwana, iwo n'kumangovomera.

Ndinabwerera kunyumba masana omwewo. Amayi ndinawapeza akupeta, ndipo ndisanamalize kufotokoza anali atasiya lichero pansi nkhuku n'kulizungulira. Anamanga nsalu n'kukwera pakaliyala.

"Nanga ankhoswe, achemwali?" anakuwa amalume.

"Akatipeza komweko, achimwene!"

Kuchipatala amayi sanafunse kanthu za kwa Likoswe. Anawapukuta nkhope, anawamanga mabatani a malaya, n'kutenga sipuni ya phala.

"Ndidzangokhala mtolo wako," anatero ababa.

"Kodi ine ndinakwatiwa ndi mkono? Yasamulani, phala likuzizira."

Munthu wa pabedi loyandikana, amene makina a kufakitale ku Limbe anamudula zala, anaseka mpaka anesi anabwera kudzaona. Ababanso anaseka pang'ono. Amayi anakhala komweko mpaka tsiku lotuluka, ine n'kumawapititsira ufa ndi masamba ndikaweruka.

Dzulo potuluka, titafika pamphambano, azakhali anati, "Tiyeni kwathu, achimwene, mukayambe mwapeza mphamvu." Amayi anangoyang'ana kumbali, katundu ali pamutu. Ababa anaima kaye.

"Zikomo, achemwali, mwandisunga," anatero. "Koma mnyamatayu afunika womuyang'anira, atiwonongera munda."

Tsono ndili ndi zopempha. Alamu akapeza chubu chakale cha thirakitala kuntchito kwawo atitumizire, chifukwa tayala la njinga n'louma kwambiri. Adokotala aletsa khasu mpaka bala litapola, ndipo mwina mpaka mvula yoyamba, koma ndikufuna ndikonzeretu. China, mukadzabwera musadzalire pamaso pawo, ndipo powapatsa moni mudzatambasule lamanzere. Poyamba zimachititsa manyazi ngati ukuwanyoza, koma iwo zimawapepukira. Za sukulu musade nkhawa, mayeso ndilemba, ndipo ndabwerera ku dzanja lamanja.

Amayi akupereka moni, ati kamwanako muzikaveka zofunda mwezi uno. Amalume akupereka moni, ndipo m'mawa uno abweretsa tambala, akuti ndi wa alamu awo. Ababa ati ndilembe kuti akufuna kuona mdzukulu wawo, amene anabadwa iwo ali kutali, ndipo kumunyamula akwanitsa.

Munafunsa za onse amene anapita ku Joni ulendo uja. A Hamadi anabwera ali bwino. A Rafaeli anabwera mwezi watha ndi chifuwa, koma akuyenda. A Albert akadali komweko. Ababa anafika dzulo masana, ndipo pano ali m'nyumba, akumwa tiyi ndi amayi.

Ndine mlongo wanu,
Overtone.