Ndafufuta ndemanga zanu, achimwene

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno tilipo, mwendo wa amayi wayamba kupola.

Koma ine ndalakwitsa kwambiri. Lolemba kompyuta yatsopano ya ku ofesi kwathu kuboda kuno inakana mafayilo a katundu chifukwa cha ndemanga zomwe munkalembamo muli pantchito kuno musanachoke. Malole a feteleza anali ataima panja, abwana n'kumangoti, "Fufutani msanga, madalaivala atopa!" Ndinalemba kalamulo ka pakompyuta kochotsa mzere uliwonse woyamba ndi chizindikiro cha #, chomwe chimasonyeza ndemanga. Mafayilo analowa, malole n'kudutsa.

Ndinakumbukira mochedwa kuti sindinakopere ndemangazo pena, chonsecho ndizo zomwe zinkandiphunzitsa ntchito. Tsopano zikandivuta ndilibe pofunsa. Chonde ndilembereni zomwe mukukumbukira, ngakhale tsamba limodzi lokha.

Ambuye akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Tiyamike