Pulagi yachikasu yasowa polowa

Amunanga,

Chonde musalize galimoto. Wailesi ija ndaikamo ndipo ikuyimba bwino, koma pobwezera dashibodi ndatsala ndi mapulagi atatu opanda polowa. Mwini wake wakale uja ankalumikiza mawaya mmene mtima wake wafunira, ndiye ena anali ongolendewera kale. Ndawaunika ndi tochi. Awiri ndi odzaza fumbi, ina mpaka munamanga kangaude, amenewo si mlandu wanga. Yachitatu ilibe fumbi ndi pang'ono pomwe, ndiye kuti ndaizula ndine. Ndi yachikasu, ndipo ndikuopa kuti ndi ya chikwama cha mpweya chija chimateteza munthu pangozi, mbali imene akhale Amayi.

Digiri yanga yathera pamenepa, ndathamangira kugalaja kukatenga wamagetsi. Ndikudziwa kuti Amayi akufunika kuchipatala 2 koloko, ndipo akaphonya lero dokotala wa maso adzawaona pakatha miyezi itatu. Ikakwana 1 koloko ndisanabwere, itanani takisi. Akafunsa, munamizire batire, osati mpongozi wawo.

Pepani kwambiri. Makiyi ndatenga, musagubuduze nyumba. Sikuti sindikukhulupirirani, koma ndimakudziwani. Mukanangoti, "Kwerani Amayi, tiyenda pang'onopang'ono."

Mkazi wanu