Madzi Ofiira a Pachitsime Chathu ndi Masitepe Ogumulidwa

Komiti ya madzi ya nyumba zosanja za kuseri kwa fakitale

Tsiku: Loweruka, 14 Okutobala
Malo: Chipinda chochapira zovala, nyumba yapakati
Analipo: Wapampando, Mlembi, a Namwino, a Telala, Amake Mapasa, ndi mlendo, mayi woyeza madzi
Sanabwere: a Phunzitsi (anapepesa, mwana wadwala), a Pulambala (mpando wawo sunalowedwe m'malo)

1. Kutsegula

Wapampando anatsegula msonkhano 3 koloko masana, nalandira mlendo.

2. Madandaulo a madzi

A Telala anatambasula patebulo diresi laukwati la kasitomala wawo, lodzaza mawanga ofiira. Anati, "Madzi ndinatunga oyera mbee. Ndangolowa m'nyumba kukatenga sopo, ndapeza asanduka tiyi. Mkwatibwiyo ndikamuuza chiyani?"

A Namwino anaonjezera kuti madziwo akununkha ngati dzira lovunda, moti ana ayamba kumwa a m'ngalande ya kuseri, ndipo awiri atsegula kale m'mimba.

3. Lipoti la mlendo

Mayi woyeza madzi anafotokoza kuti pansi pamene chitsime chathu chimakoka madzi mulibe mpweya. Anati tizilombo tosaoneka timene timadya zowola timatulutsa m'chakudyacho tinthu tating'onoting'ono totchedwa maelekitironi, ndipo pamafunika chowalandira. Mpweya ukakhalapo, ndiwo umalandira. Ukatha, chimalandira ndi chitsulo cha m'miyala, ndipo chikatero chimasungunuka m'madzi osaoneka. Nacho chikachepa, imalandira ndi salufa, mchere wina wa m'nthaka, ndiye fungo lija. Madziwo akafika m'ndowa n'kukumana ndi mpweya, chitsulo chimaupatsa elekitironi ija n'kusanduka dzimbiri.

A Telala anafunsa, "Ndiye kuti madziwa akungosowa kupuma basi, ngati ine m'kashopu kanga kaja?" Mlendo anavomera. Wapampando anapempha kuti kuseka kuthe.

Mlendo anafunsa chifukwa chake vutoli layamba posachedwa pamene chitsime ndi chakale. A Namwino anayankha kuti a Pulambala, amuna awo a Amake Mapasa, anamanga masitepe a simenti pakati pa pampu ndi thanki. Madzi ankatsika pamenepo akudumphadumpha, n'kudutsa mumchenga, ndipo dzimbiri lonse linkatsalira momwemo. Masitepewo anagumulidwa chaka chatha pokonza poimika magalimoto.

A Telala anapempha kuti zilembedwe kuti galimoto imene imaima pamenepo ndi imodzi yokha, ndipo mwini wake akudziwika. Wapampando anati nkhani ya magalimoto siili pa mndandanda wa lero.

A Namwino anati chimene amachisowa kwambiri ndi phokoso la madziwo. Linkamveka m'khitchini iliyonse, ndipo munthu ukamachokera kuntchito, ukangolimva pageti, mapewa ankatsika okha. Anati mwana wawo woyamba anaphunzira kuyenda atagwira khoma la masitepewo.

Amake Mapasa anati amuna awo ankakwecha masitepewo ndi bulashi yawaya Loweruka lililonse, n'kubwera kunyumba manja ali psuu. Anati, "Ndinkawakalipira kuti akundithera mataulo. Lero ndikanawapatsa onse, ndi nsalu yapatebulo yomwe."

4. Chigamulo

Komiti inagwirizana kuti masitepe amangidwenso pamalo pake pomwe paja. Wapampando sanavote, koma anati galimoto apeza pena poiimika.

Mlendo anati akhoza kuthandiza, koma ntchito ingafulumire atafunsidwa amene anamanga poyamba, makamaka za kutalika kwa masitepe ndi mtundu wa mchenga. Wapampando anapempha Amake Mapasa nambala ya foni ya amuna awo.

Amake Mapasa anati nambalayo ali nayo, koma inasiya kulira kalekale. Anati bambowo anapita kukagwira ntchito kudoko, akuti adzabwera mvula ikayamba, ndipo mvula yagwa n'kutha, yagwanso. Anati amaiyesabe nambalayo akamaliza kuphika.

Mlendo anapepesa kuti sanadziwe. Amake Mapasa anati, "Palibe cholakwa, mayi. Mwandisangalatsa. Sindinkadziwa kuti zimene ankachita zija zili ndi maphunziro ake. Ine ndinkati akungothawa ntchito zapakhomo."

Wapampando anati mlamu wawo amayendetsa galimoto yonyamula katundu kudoko komweko, ndipo amutuma akafunse. Anachenjeza kuti sakulonjeza kanthu. Pakali pano a Namwino auze makolo kuti madzi a pachitsime azitsanulidwa kuchoka m'ndowa ina kupita m'inzake, adikhe, asefedwe ndi kuwiritsidwa, ndipo ana asayandikirenso ngalande.

5. Zina ndi zina

A Telala anafunsa ngati mandimu angachotse mawanga pa diresi. Mlendo anati ayese kaye pa mpendero wamkati.

Amake Mapasa anapempha kuti mlamu wa Wapampando akawapeza amuna awo, asakawanene za kukhala chete kwawo. Akangowafunsa za mchenga. Ndipo akaona kuti nkhope yawo ili bwino, akawauze kuti mapasa anayamba sukulu, wina amalemba ndi dzanja lamanzere ngati iwo, ndipo loko wapakhomo sanasinthidwe.

Mlembi anafunsa ngati zimenezi zilembedwe. Amake Mapasa anati, "Lembani. Mlamuyo angakaiwale."

6. Msonkhano wotsatira

Loweruka, 11 Novembala, malo omwewo.

7. Kutseka

Wapampando anatseka msonkhano 4:40 madzulo. Mamembala anakhalabe pamipando yawo kwa kanthawi.

Wapampando: ____________________

Mlembi: ____________________