Za Injini Yaikulu ndi Kagalimoto Konyamula Mkwatibwi

BUNGWE LA ANTHU A KUM'MAWA OGWIRA NTCHITO KUMGODI, WUSAKILE
Zolembedwa za msonkhano wa komiti

Tsiku: Lamulungu, 8 Okutobala 1967
Malo: chipinda cha kuseri kwa holo, Misa yachiwiri itatha

Opezeka: a Laston Mvula, wapampando, a Obadiah Chulu, mlembi, a Amos Njobvu, mayi Juliana Njobvu, akazi awo, oimira amayi, a Fanwell Daka, owotcherera zitsulo kumgodi, amenenso ndi mlongo wa mayi Njobvu.
Osapezeka: a Nehemiah Soko. Ali pashifiti.

1. Kutsegula

Wapampando anatsegula ndi pemphero nthawi ili 2 koloko. Anapempha kuti lero anthu azilankhula mmodzimmodzi. Pempho limeneli silinapite patali.

2. Zolembedwa za msonkhano wapita

Mlembi anawerenga. A Njobvu anati mawu ena sanalembedwe monga amalembera kusukulu. Mlembi anati iye kusukulu sanapondeko, zilembo anazitola yekha pa zikwangwani za kumgodi ndi m'buku la mapemphero, ndipo amene akufuna cholemberachi achitenge pompano. Palibe anatambasula dzanja. Zolembedwazo zinavomerezedwa.

3. Nkhani ya kagalimoto

Wapampando anakumbutsa komiti mmene nkhaniyi inayambira. Bungwe lili ndi kagalimoto kofiira, ka mipando iwiri, kopanda denga, kamene mzungu wina wa ku maofesi anatisiyira pobwerera kwawo chaka cha ufulu. Injini yake inafa kalekale. A Njobvu akukwatitsa mwana wawo Harriet Loweruka lino pa 14, ndipo anakalonjeza pamaso pa akuchimuna ku Twapia, ku Ndola, kuti mkwatibwi adzachoka kutchalitchi kupita kuholo ali m'kagalimoto kameneka. Komiti inagwirizana mwezi watha kuti muikidwe injini ina, ya masilinda sikisi, yochotsedwa mu vani yakale yonyamula buledi. Injini yakufa ija inali ya masilinda folo.

Wapampando anati kwatsala masiku sikisi koma injini ikadali m'mwamba, yopachikidwa pa tcheni kumtengo wa mango kuseri kwa holo. Anafunsa kuti chavuta n'chiyani.

Mlembi anati iye anayeza yekha ndi chingwe, m'litali ndi m'lifupi, ndipo injiniyo imalowa. A Daka anafunsa ngati amdala anayezanso kuya kwake. Mlembi anati nkhani ya kuya siinali pa ndandanda ya tsiku limenelo.

A Njobvu anafotokoza kuti chimimba cha injini, mmene mumakhala oilo, chikugunda chitsulo chopingasa chimene chili pansi, pakati pa matayala akutsogolo. Anati mankhwala ake n'kudula chitsulocho basi. Iwo ndi mlembi anachidula Lolemba m'mawa ndi sowo, ntchito ya maola anayi. Atabwera Lachiwiri anapeza chitsulocho chalumikizika, chowotchereredwa bwinobwino, mpaka chopakidwa penti. Anachidulanso Lachitatu, masowo awiri anathyoka. Lachinayi anapeza chimodzimodzi. Dzulo achidula kachitatu, ndipo ulendo uno a Njobvu akhoma loko pageti la kuseri kwa holo, kiyi ali m'thumba mwawo. Anaonetsa komiti matuza a m'manja mwawo. Mlembi anaonetsanso ake, amene ndi ambiri koposa.

A Njobvu anati pali munthu amene akufuna kuwachititsa manyazi, ndipo akukayikira a Soko, popeza ndiwo sabwera kumisonkhano. Anapempha kuti dzina la a Soko lilembedwe.

A Daka anati dzina la a Soko lisiyidwe. Anati, "Ndine, alamu. Kawiri konse ndine. Mukadapanda kukhoma geti, lero mukadapezanso chalumikizika."

Apa panabuka phokoso. Mawu amene a Njobvu ananena mlembi sanawalembe, poti buku lino limawerengedwanso pamaso pa amayi. Wapampando anamenya tebulo kanayi.

Phokoso litachepa, wapampando anafunsa a Daka chifukwa chake sananene. A Daka anati iwo ali pashifiti ya m'mawa, a Njobvu pa ya masana, sakumana. Poweruka amadutsa kuseri kwa holo, n'kupeza chitsulo chonyamula katundu chili chodulidwa. Anati zaka zonse zimene agwira ntchito pansi pa mgodi sanachokepo pantchito atasiya chitsulo chotero chili kukamwa yasa. Ukachipeza umachilumikiza, mafunso pambuyo. Anati Lachiwiri anatumiza uthenga kudzera kwa mlongo wawo. Mayi Njobvu anati uthengawo anaufikitsa, koma bambo a Harriet anawayankha kuti nkhani za injini si za kukhitchini.

A Daka anapitiriza kuti chitsulocho si chokongoletsera. N'chimene chimagwira matayala awiri akutsogolo kuti asatayane. Mukachidula n'kuikapo injini yolemera ngati ng'ombe, kagalimoto kakhoza kuyenda pang'ono, koma pa dzenje loyamba kadzagwada, ndipo amene ali mkatimo adzaponyedwa kutsogolo, poti denga palibe. Anati Harriet ndi mwana wa mlongo wawo, iwo ndiwo malume, ndipo sangalole kuti akwere chinthu chodulidwa msana.

A Njobvu anati umalume wa kumudzi usabwere kuno ku Kitwe. Anati mwanayo anamulera ndi iwo, ku Standadi Sikisi anamufikitsa ndi iwo, ndipo mawu anapereka ndi iwo. Anati, "Akuchimuna mukuwadziwa, ndi achimbuya athu Abemba, amene timanyozana nawo mwanthabwala. Akaona mkwatibwi akubwera wapansi adzatiimba nyimbo mpaka Khirisimasi. Adzati odya mbewa analonjeza galimoto, abwera ndi mapazi."

Mlembi anagwirizana ndi a Njobvu. Anati iye anaonapo malole akuyenda atamangidwa ndi waya kuchokera kuno mpaka kwathu, ndipo anthu anafika. A Daka anafunsa ngati m'malolemo munali mwana wa mlongo wawo. Mlembi anati funso limenelo n'lopanda ulemu, ndipo akulilemba kuti lidziwike.

Wapampando anafunsa ngati pali njira ina yoloweretsera injiniyo osadula chitsulo. A Daka anati ingakwezedwe, koma boneti sidzatseka ndipo woyendetsa sadzaona msewu. Ingabwezedwe m'mbuyo, koma giyabokosi idzakhala pamene pali miyendo ya mkwatibwi. Anati kagalimotoka anakapangira injini yake, ngati mmene nsapato ya mwana ilili. A Njobvu anati a Daka ndi owotcherera chabe, si makaniko. A Daka anati n'zoona, ndipo a Njobvu ndi oboola miyala.

4. Kuyesa

A Daka anati popeza mawu sakumveka, tichite monga timachitira pansi pa mgodi. Kumeneko munthu amene wanena kuti mzati uchotsedwe, denga ligwira lokha, ndiye amayamba kuima pamalopo. Anati chitsulo n'chodula kale, tiyeni titsitse injiniyo, tiimange, a Njobvu agone kunsi kwake. Akatuluka bwino, iwo a Daka sadzakhudzanso kagalimotoka.

A Njobvu anavula jekete. Anati, "Mukuyesa ndikuopa? Tiyeni!"

Msonkhano unaimitsidwa nthawi ili hafu pasiti 3 ndipo komiti yonse inapita kuseri. A Njobvu anatsegula geti, anayala thumba pansi, n'kugwada kuti alowe. Mayi Njobvu anawagwira lamba kumbuyo. Anati, "Bambo a Harriet, ine Loweruka ndikuphikira ukwati. Za maliro sindinagule." A Njobvu anati awasiye. Mayi Njobvu sanawasiye. Wapampando analamula kuti pasagone munthu, paikidwe debe la palafini lopanda kanthu pamalo pamene pakadakhala chifuwa cha a Njobvu.

Injini inatsitsidwa pang'onopang'ono ndi tcheni. Inalowa. Mlembi akufuna kuti mawu amenewa aoneke bwino: inalowa, monga chingwe chinanenera. A Daka anamanga mabawuti anayi, n'kumasula tcheni. Kwa kanthawi sipanachitike kanthu, ndipo a Njobvu anayamba kuvala jekete akuseka.

A Daka anapempha wapampando kuti akhale pampando wa mkwatibwi, n'kudzigwedeza kamodzi ngati adutsa pa dzenje. Wapampando anachita zimenezo. Panamveka kulira kwa chitsulo, matayala onse awiri akutsogolo anapendekera mkati, mphuno ya kagalimoto inagwa pansi kuti khu! Wapampando anamenyetsa chipumi pagalasi. Debe lija linatulutsidwa ndi ndodo titakwezanso injini. Linali lophwatalala ngati mbale.

Mlembi anati debelo linali lakale ndiponso ladzimbiri. 

A Njobvu analitola debelo, analitembenuza uku ndi uku, ndipo anabwerera nalo m'chipinda cha msonkhano lili m'manja.

5. Chigamulo

Msonkhano unayambiranso nthawi ili 4 koloko, wapampando atamanga mpango pachipumi. Anafunsa a Njobvu ngati ali ndi mawu. A Njobvu anaika debe lija patebulo. Kenako anati Harriet sakwera pa injini imeneyo. Anafunsa komiti kuti nanga akawauza chiyani anthu a ku Twapia.

Mayi Njobvu anafunsa kuti kodi amuna awo analonjeza chiyani kwenikweni, galimoto kapena phokoso la injini. Anati kuchokera kutchalitchi kufika kuholo ndi pafupi, amayi amayendapo atasenza madzi. Achimwene awo alumikize chitsulocho komaliza, awongole matayala, kagalimoto kakhale kopanda injini iliyonse, kadzapepuka. Amuna a bungwe lino amakankha ngolo za miyala tsiku lonse, sangalephere kukankha mtsikana mmodzi. Avale malaya oyera, amayi aziimba m'mbali.

A Njobvu anati Abemba adzafa nako kuseka. Mayi Njobvu anati aseke, mkwatibwi ali moyo. Anatinso mkamwini ndi abale ake nawonso akankhe, popeza mkamwini amayenera kugwira ntchito kwa apongozi, kwathu ndi kwawo komwe, ndipo munthu amene akukankha galimoto pa chitunda cha pa holo sapeza mpweya wosekera.

Wapampando anafunsa kuti pachiwongolero padzakhala ndani. A Daka anati akhalepo bambo wake wa mwana, poti ndiwo analonjeza kuti adzamubweretsa. A Njobvu anawayang'ana alamu awo, n'kufunsa ngati akuwaseka. A Daka anati ayi.

Anthu anakweza manja. Ovomera anayi, pamodzi ndi a Njobvu. Wokana mmodzi, mlembi, amene akunenabe kuti pakadapezeka chitsulo china chokhuthala chodutsa kunsi, ntchitoyi ikadatheka. A Daka anati mwina n'zoona, koma osati m'masiku sikisi, ndiponso osati ndi Harriet mkati. Mlembi walemba zonse ziwiri.

Ntchito zinagawidwa motere. A Daka awotcherera mawa akaweruka. A Njobvu apereka kiyi wa geti kwa a Daka, ndipo anapereka pomwepo. Wapampando apeza amuna teni okankha. Masowo otsala asungidwa ndi mayi Njobvu. Mlembi apita kwa a Soko kukawauza kuti dzina lawo linatchulidwa molakwika, ngakhale sanalitchule ndi iye.

6. Zina ndi zina

Wapampando anafunsa za injini yaikulu ija. Anagwirizana kuti itsitsidwe mumtengo isanagwere ana, iphimbidwe ndi lona. Mlembi anapempha kuti isatayidwe, ndipo pempho lake linaloledwa anthu akuimirira kale.

Anthu ali pakhomo, a Njobvu anapempha a Daka, mawu ali pansi, kuti aonenso mabuleki, poti kuchoka patchalitchi msewu umayamba ndi kutsetsereka. A Daka anati anawaona kale Lachinayi. A Njobvu anati, "Muwaonenso, alamu." A Daka anati awaona mawa, ndiponso Loweruka m'mawa mwana asanakwere.

7. Msonkhano wotsatira ndi kutseka

Komiti idzakumananso Lamulungu pa 22 Okutobala, malo omwewa. Mayi Njobvu anatseka ndi pemphero nthawi ili 5 koloko.

Laston Mvula, Wapampando
Obadiah Chulu, Mlembi